Bokosi la timipira ndi timitengo pophunzira kemisitiri: pamene limanena zoona ndi pamene limanama

Pa zipangizo zimene mphunzitsi kapena kholo angagulire mwana amene wayamba kuphunzira za maatomu, bokosi la timipira ndi timitengo ta pulasitiki ndi limodzi mwa zochepa zimene zimagwiradi ntchito imene anazipangira. Koma ntchito yake ndi imodzi basi: kuonetsa mmene molekyu yaimira, makamaka ija imene maatomu ake amagawana maelekitironi. Mukalipatsa ntchito ina limayamba kunama, ndipo limanama mwaluso moti mwana sakayika n'komwe. Ndiye funso lenileni si lakuti ligulidwe kapena ayi. Ligulidwe. Nkhani yagona pa kudziwa poligwiritsa ntchito ndi politsekera.

Tikunena za bokosi laling'ono la ophunzira, la mtundu umene kampani ya ku England yopanga Molymod inatchukitsa, umenenso makampani ambiri opanda dzina lodziwika amapanga mofanana. M'kati mumakhala timipira ta masentimita awiri kapena kuchepera pang'ono, toboola. Kakuda ndi kaboni, kali ndi mabowo anayi. Koyera ndi haidirojeni, bowo limodzi. Kofiira ndi okosijeni, mabowo awiri. Ka buluu ndi naitirojeni, mabowo atatu, ngakhale mabokosi abwino amaikamonso ka mabowo anayi. Kobiriwira kamaimira kulorini ndi anzake a gulu lake, kachikasu ndi safa. Timitengo tilipo ta mitundu itatu: tolimba ta msinkhu wapakati toimira bondi imodzi (bondi ndi mgwirizano umene umalumikiza maatomu awiri), tataliko topindika timene mumaika tiwiri kapena titatu pakati pa maatomu awiri, ndi tafupi kwambiri timene timachititsa timipira kugundana. Pamakhalanso kachitsulo kapena kapulasitiki kozulira timitengo tafupito.

Mitunduyi sinayambe dzulo. Mu 1865, August Wilhelm von Hofmann anaonetsa mamolekyu ku Royal Institution mumzinda wa London pogwiritsa ntchito mipira yamasewera yopaka utoto, kaboni wakuda, haidirojeni woyera, okosijeni wofiira, naitirojeni wa buluu. Chochititsa chidwi n'chakuti methane (CH4) wake anali wafulati, wooneka ngati mtanda. Panadutsa zaka zisanu ndi zinayi kuti Jacobus van 't Hoff ndi Joseph Le Bel, aliyense payekha, anene mu 1874 kuti mabondi anayi a kaboni sagona pansi koma amaloza kumakona anayi a tetrahedron, chinthu chonga piramidi cha mbali zinayi, iliyonse ya makona atatu. Mwana aliyense amene waphunzira methane pa bolodi pokha amakhala ali pomwe panali Hofmann, ndipo bokosili limamuchotsapo pa mphindi zosakwana zisanu.

Musanagule, werengani timipira

Chiwerengero chachikulu cholembedwa pachivundikiro chisakukopeni, chifukwa ogulitsa ambiri amaphatikiza timipira ndi timitengo. Yang'anani mtundu uliwonse paokha. Mayeso abwino ndi glucose, C6H12O6: amafuna takuda 6, toyera 12, tofiira 6, ndi timitengo tolimba 24 mukamumanga mozungulira. Bokosi limene silingamange glucose ndi laling'ono kwambiri kwa wophunzira wa sekondale. Mayeso achiwiri ndi kuyaka kwa ethanol, C2H5OH + 3O2 → 2CO2 + 3H2O. Apa pamafunika tofiira 7, ndipo mbali ya kumanja kwa muviwo imadya timitengo topindika 8 chifukwa CO2 aliyense amatenga tinayi. Bokosi la tofiira 6 limakusiyani panjira, phunziro lili pakati. Timitengo topindika ndi timene timaperewera msanga kuposa china chilichonse.

M'kalasi, bokosi limodzi likhale la ana awiri kapena atatu. Akapitirira pamenepo mmodzi amamanga, ena n'kumangoonerera, ndipo phindu la chipangizochi lili m'zala, osati m'maso.

Methane, madzi ndi ammonia

Tengani kakuda kamodzi, mubaye timitengo tolimba tinayi, kumapeto kwake muike toyera. Muike patebulo. Toyera titatu tikhala pansi, kamodzi kaloza kumwamba. Mugubuduze mbali iliyonse, aoneka chimodzimodzi. Pakati pa kamtengo kalikonse ndi kanzake pali madigiri 109.5, osati 90 amene chithunzi cha m'buku chimaonetsa. Chifukwa chake n'chosavuta kufotokoza mwana ali ndi chinthucho m'manja: mabondi onse anayi ndi maelekitironi, maelekitironi amakankhana, ndipo umu ndi mmene angatalikirane kwambiri.

Kuti mwana aone kuti nkhaniyi si yongokometsera, muuzeni ajambule CH2Cl2 papepala. Ambiri amapeza njira ziwiri: makulorini awiri moyandikana, kapena moyang'anizana. Amatsimikiza kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tsopano amange zonse ziwiri ndi timipira, aziike pamodzi, atembenuze imodzi. Ndi molekyu imodzi yomweyo. CH2Cl2, amene dzina lake ndi dichloromethane, alipo wa mtundu umodzi wokha padziko lonse, ndipo akanakhala wafulati akanakhalapo awiri. Phunziro limeneli lokha ndi lokwanira kulungamitsa kugula bokosi.

Madzi amatuluka opindika, pa madigiri pafupifupi 105, kufupi kwambiri ndi 104.5 yeniyeni. Ammonia (NH3) amatuluka ngati piramidi yofupika, ndipo ngodya yake yeniyeni ndi pafupifupi 107. Maonekedwe ali bwino, koma apa bokosi limabisa chifukwa. Kampira kofiira kali ndi mabowo awiri okha, ndiye mwana amaganiza kuti madzi ndi opindika poti kampani inaboola mokhota. Zoona zake n'zakuti okosijeni wa m'madzi ali ndi magulu anayi a maelekitironi awiriawiri: awiri amagawana ndi haidirojeni, awiri sagawana ndi aliyense. Osagawanawo amatenga malo aakulu ndipo amapanikiza mabondi, n'chifukwa chake ngodya imatsika kuchoka pa 109.5 kufika 107 pa ammonia amene ali ndi gulu limodzi lotere, n'kufika 104.5 pa madzi amene ali ndi awiri. Njira yokonzera: mangani madzi kachiwiri ndi kampira ka mabowo anayi, mabowo awiri muike haidirojeni, awiri otsalawo mubayemo timitengo topanda kanthu kumapeto. Muike methane, ammonia ndi madzi omangidwa chonchi pamzere umodzi, ndipo mwana aona yekha kuti onse atatu ali pachimango chimodzi.

Kenako CO2. Timitengo topindika tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo, molekyu imawongoka pa madigiri 180. Mukaiika pambali pa madzi, nkhani ya chifukwa chimene madzi ali ndi mbali ya pozitivi ndi ya negativi pamene CO2 alibe imafotokozeka ndi chala: pa CO2 maokosijeni awiri amakoka maelekitironi molimbana ndipo kukokako kumathetsana, pa madzi kukoka konse kumapendekera mbali imodzi.

Ma isomer: apa ndiye kwawo kwa bokosili

Palibe gawo la kemisitiri ya kaboni limene timipira timathandiza kuposa ili. Patsani mwana takuda 2, toyera 6, kofiira 1 ndi timitengo tolimba 8. Lamulo ndi limodzi: pasatsale bowo, pasatsale kampira. Pali mayankho awiri okha. Kofiira kakakhala kumapeto, pakati pa kaboni ndi haidirojeni, ndi ethanol, wamadzimadzi amene amawira pa 78 °C. Kakakhala pakati pa makaboni awiri ndi dimethyl ether, amene amawira cha pa −25 °C, kutanthauza kuti m'chipinda wamba ndi mpweya. Maatomu omwewo, chiwerengero chomwecho, koma kusiyana kwa madigiri oposa 100: mamolekyu otere, osiyana kalumikizidwe ka maatomu, ndiwo ma isomer. Mwana amene wamanga zonse ziwiri ndi manja ake safunsanso chifukwa chimene fomula yokha siikwanira.

C4H10 ili ndi ma isomer awiri, C5H12 atatu, C6H14 asanu. Vuto lodziwika papepala n'lakuti mwana amajambula pentane (C5H12 wa tcheni chimodzi) wokhota kumapeto n'kumuwerenga ngati watsopano, mpaka kupeza asanu kapena asanu ndi mmodzi pamene alipo atatu. Ndi timipira, mumangomuuza agwire nsonga ziwiri n'kupotoza. Tcheni chokhota chija chimawongoka popanda kuzula kamtengo kalikonse. Lamulo limene amatengapo ndi lolondola: ngati ukufunika kuzula kamtengo kuti chimodzi chisanduke chinzake, ndi ma isomer, ngati kupotoza kukukwanira, ndi chinthu chimodzi. Atatu enieni a C5H12 amawira pa 36, 28 ndi pafupifupi 10 °C, ndipo mukawaika patebulo zimaoneka kuti wobulungira kwambiri ndi amene amawira msanga, poti malo ogundana ndi mamolekyu anzake ndi ochepa.

Bondi yapawiri nayo imatuluka bwino pa mfundo imodzi yofunika. Ethane (C2H6) amazungulira momasuka pakati pa makaboni ake. Ethene (C2H4), ndi timitengo topindika tiwiri, sazungulira, ndipo maatomu ake onse asanu ndi limodzi amagona pafulati. Chotsani koyera kamodzi pa kaboni aliyense muike kobiriwira, mupeza mitundu iwiri imene singasandulike popanda kuzula: cis, makulorini ali mbali imodzi, amawira cha pa 60 °C, trans, ali mbali zosiyana, cha pa 48 °C. Taonani kusiyana kwake ndi CH2Cl2 uja: kumeneko pepala linaonetsa ziwiri pamene chilipo chimodzi, kuno zilipodi ziwiri.

Kwa ophunzira a makalasi apamwamba, kampira kakuda kamodzi kokhala ndi timipira tinayi ta mitundu yosiyana ndi phunziro lina lathunthu. Mangani awiri, wina akhale mmene mnzake akuonekera pagalasi. Yesani kuwagoneka pamodzi kuti mitundu yonse inayi igwirizane. Sizitheka, monga dzanja lamanja silingalowe bwino m'gulovu ya kumanzere. Sinthanitsani timipira tiwiri tokha pa mmodzi, agwirizana. Louis Pasteur anakumana ndi zimenezi mu 1848 posankha timakristalo ta mchere wa tartaric acid m'magulu awiri, zaka zambiri anthu asanadziwe za tetrahedron. Pabolodi nkhani imeneyi imatha sabata ana mitu itaima.

Cyclohexane amafuna takuda 6, toyera 12, timitengo 18. M'buku amajambulidwa ngati chinthu chafulati cha makona asanu ndi limodzi, koma timipira timakana kugona pansi. Timakhazikika m'maonekedwe amene akatswiri amati mpando, ndipo mukapinda nsonga imodzi mumapeza amene amati bwato, mmene mahaidirojeni awiri amayandikana mpaka kutsala pang'ono kugundana. Hermann Sachse ananena zimenezi mu 1890 koma anzake sanamumvere kwa zaka zambiri. Cyclopropane, wa makaboni atatu pa madigiri 60, musamuyese ndi timitengo tolimba: muthyola kamtengo kapena kukulitsa bowo. Gwiritsani ntchito topindika, ndipo kukana kumene zala zimamva ndi chithunzi chabwino cha chifukwa chimene molekyu imeneyi imatsegukira mosavuta.

Pamene liyamba kunama

Bodza loyamba ndi kamtengo komwe. Pakati pa maatomu awiri palibe chinthu chogwirika. Bondi ya kovalenti, monga Gilbert Lewis anafotokozera mu 1916, ndi maelekitironi awiri amene maatomu awiri akugawana, ndipo manyukiliyasi (tizinthu ta pakatikati pa maatomuwo) onse awiri amawakoka. Mwana amene sanauzidwe zimenezi amafunsa kuti timitengo timapita kuti riyakishoni ikachitika, ndipo funsolo n'lomveka, chifukwa bokosi ndi limene lamuphunzitsa.

Kuchokera pamenepo pamabwera vuto la mphamvu, limene limasokoneza ngakhale ophunzira a ku koleji. Kuthyola bondi kumadya mphamvu nthawi zonse. Kupanga bondi kumatulutsa mphamvu nthawi zonse. Theka loyamba bokosi limaliphunzitsa bwino, poti kuzula kamtengo kumafuna kukoka. Theka lachiwiri limalitembenuza, chifukwa kubaya kamtengo kumafunanso kukankha. Ndiye pochita kuyaka kwa methane, CH4 + 2O2 → CO2 + 2H2O, masamu alembedwe pambali. Kuphwasula mbali ya kumanzere: mabondi anayi a C–H pa 413 kJ pa molo (kJ ndi muyeso wa mphamvu, molo ndi muyeso wa kuchuluka kwa chinthu mu kemisitiri) ndi 1,652, awiri a O=O pa 498 ndi 996, pamodzi 2,648 zolowa. Kumanga mbali ya kumanja: awiri a C=O pa 799 ndi 1,598, anayi a O–H pa 463 ndi 1,852, pamodzi 3,450 zotuluka. Kusiyana kwake, pafupifupi 800 kJ pa molo, ndiye kutentha kwa lawi. Manambalawa amasiyana pang'ono buku ndi buku poti ndi apakatikati, koma yankho limagwera pomwepo. Chimene bokosi limachita bwino pa ntchito yomweyi ndi kuonetsa kuti palibe atomu yotayika: timipira 9 tinalipo poyamba, 9 tilipo pomaliza, ndipo mwana akaiwala O2 wachiwiri amasowa tofiira tomangira madzi. Kulinganiza mbali ziwiri kumasiya kukhala masewera a manambala.

Pali mabokosi ena a maginito, amene timipira take timadumphirana tokha tikayandikana. Pa nkhani ya mphamvu amenewo amanena zoona kuposa a timitengo. Koma amaphwasuka mosavuta molekyu ikakula, ndipo maginito ang'onoang'ono ndi oopsa kwambiri mwana akawameza. Ngati mungathe kugula limodzi lokha, tengani la timitengo.

Utali nawo ndi wabodza. Bondi ya C–C ndi mapikomita 154, C=C ndi 134, C≡C ndi 120, C–H ndi 109, O–H ndi 96 (mumilimita imodzi muli mapikomita 1,000,000,000). M'bokosi, C–H ndi C–C zimagwiritsa ntchito kamtengo kamodzimodzi, ndipo bondi yapawiri nthawi zambiri siifupika moonekera. Timitengo tiwiri tofanana timachititsanso mwana kuganiza kuti bondi yapawiri ndi yolimba kawiri. Ayi: C–C ndi pafupifupi 348 kJ pa molo, C=C ndi pafupifupi 614. Gawo lachiwirilo ndi lofookerapo, n'chifukwa chake ethene amalandira bromine mosavuta pamene ethane salabadira.

Mchere ndiye pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amatenga kampira kotuwa, kobiriwira, kamtengo pakati, n'kunena kuti nayu NaCl. Mwana amachoka akukhulupirira kuti mchere uli ndi mamolekyu a maatomu awiriawiri ogawana maelekitironi. Zonse ziwiri n'zolakwika. Sodiyamu wapereka elekitironi yake, kulorini walandira, ndipo zotsala ndi maayoni, maatomu okhala ndi chaji, ena pozitivi ena negativi, amene amakokana mbali zonse. Ayoni iliyonse ya sodiyamu yazunguliridwa ndi zisanu ndi imodzi za kulorini, iliyonse ya kulorini ndi zisanu ndi imodzi za sodiyamu, ndipo ndondomeko imeneyi imabwerezedwa mpaka kumapeto kwa kristalo. Palibe ayoni imene ili ndi mnzake wakewake. N'chifukwa chake mchere umasungunuka ndi moto pa 801 °C. Kukula kwake nakonso: ayoni ya sodiyamu ndi mapikomita pafupifupi 102 kuchoka pakati kufika m'mphepete, ya kulorini 181, pamene m'bokosi timipira timafanana. Kagawo kakang'ono ka kristalo kamene mabuku amajambula kamafuna timipira 27 ta mabowo asanu ndi limodzi ndi timitengo 54, zimene bokosi la ophunzira lilibe. Alipo mabokosi apadera a zimenezi. Ngati mulibe, ndi bwino kusamanga NaCl n'komwe kusiyana ndi kumumanga wa timipira tiwiri.

Zitsulo musayese. Maelekitironi ake akunja sakhala pakati pa maatomu awiri, amayenda m'chitsulo chonse, ndipo kamtengo sikangaimire zimenezo.

Dayamondi ndi graphite zimatheka mutaphatikiza takuda ta mabokosi angapo, koma graphite amafuna kaboni wa mabowo atatu afulati, amene mabokosi ambiri ang'onoang'ono alibe. Mukakhala naye, onetsetsani kuti timitengo tolumikiza magawo ndi tataliko ndipo mwanena kuti si mabondi enieni: m'kati mwa gawo makaboni atalikirana mapikomita 142, koma gawo ndi gawo 335, ndipo kufooka kwa pakatipo ndi kumene kumachititsa pensulo kulemba.

Chiwerengero cha mabowo chimaphunzitsa lamulo labwino poyambira, kaboni anayi, naitirojeni atatu, okosijeni awiri, haidirojeni limodzi, koma chimalisandutsa lamulo losaphwanyika. Mwana wochenjera adzayesa carbon monoxide ndipo adzalephera, chifukwa CO ali ndi bondi yapatatu pamene kofiira kali ndi mabowo awiri. Adzanena kuti CO kulibe, chikhalirecho ndi mpweya umene umapha anthu m'zipinda zotseka mmene muli moto wosayaka bwino. NH4+ amafuna naitirojeni wa mabowo anayi, H3O+ okosijeni wa atatu. Ozone ndi NO2 sizituluka molondola ngakhale mutatani. Benzene (C6H6, makaboni asanu ndi mmodzi mozungulira) amatuluka ndi mabondi atatu apawiri ndi atatu amodzi mosinthana, pamene enieni onse asanu ndi limodzi ndi ofanana, mapikomita pafupifupi 139. Kulephera kumeneku si chifukwa chotayira bokosi. Mphunzitsi waluso amapereka CO dala, n'kusiya ana avutike mphindi zingapo asanawauze kuti amene walephera ndi pulasitiki.

Za m'kati mwa atomu bokosi silinena kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kumasocheretsa. Kampira kolimba ndi atomu ya John Dalton ya mu 1808. Kuyambira pamene Ernest Rutherford anafotokoza za nyukiliyasi mu 1911, tikudziwa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kachinthu ka pakati kochepa kuposa atomuyo maulendo masauzande makumi angapo. Kampira kakuda ka masentimita awiri kakanakhala atomu ya kaboni, nyukiliyasi yake sikanakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mapulotoni, manyutuloni, ma isotope, kasanjidwe ka maelekitironi, tebulo la Dmitri Mendeleev la mu 1869: zonsezi ziphunzitsidwe ndi zida zina, bokosi lisanatsegulidwe. Komanso atomu ya okosijeni si yofiira. Zimaoneka zoseketsa kuzinena, koma zinenedwe.

Funso limodzi limaulula msanga ngati mwana wasokonezeka. Mupatseni mamolekyu asanu a madzi, mumuuze aonetse zimene zimachitika madzi akawira. Ambiri amayamba kuzula timitengo. Amenewo akuganiza kuti nthunzi ndi haidirojeni ndi okosijeni. Yankho lolondola ndi kungotalikitsa mamolekyu asanuwo, lililonse lili lathunthu. Chimene chimagonja pa 100 °C ndi kukokana kwa pakati pa molekyu ndi inzake, kumene kuli kofooka kwambiri poyerekeza ndi bondi ya O–H: kusandutsa molo imodzi ya madzi, magalamu 18, kukhala nthunzi kumadya pafupifupi 41 kJ, pamene kuthyola mabondi ake onse kungadye zoposa 900. Bokosi lilibe kachidutswa koimira kukokana kofookaku. Ulusi wopyapyala kapena mizere yodukaduka yojambula papepala limene mwagonekapo timipira imathandiza, bola isafanane ndi timitengo. Mukasanja mamolekyu motero, aliyense wogwirana ndi anzake anayi, mipata imene imatsala pakati ikufotokoza chifukwa chimene ayezi, wa magalamu 0.92 pa kiyubiki sentimita, amayandama pamadzi.

Kulimba kwake

Timipira sititha. Timene timatha ndi timitengo ndi mabowo. Bokosi latsopano limakhala lothina, ndipo ana amayamba kuzula ndi mano, zimene zimaphwanya mutu wa kamtengo mpaka sikagwiranso. Aphunzitseni kupotoza pang'ono uku akukoka molunjika, osati kupinda cham'mbali, chifukwa kupindako ndi kumene kumakulitsa bowo mpaka molekyu n'kumagwa yokha. Timitengo tafupi tisazulidwe ndi zala; kachida kaja kalowetsedwe pansi pa mkombero wa kamtengo n'kutukula. Kachidako kakatayika, tafupi tisungidwe padera, apo ayi tidzatsalira m'mabowo mpaka kalekale. Topindika tikasiyidwa m'molekyu kwa milungu timauma tili chopindika ndipo timayamba kuyera pokhota, chizindikiro chakuti tatsala pang'ono kuthyoka. Phwasulani zonse phunziro likatha. Musasiye bokosi padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo potsuka madzi ofunda ndi sopo n'zokwanira. Acetone amawononga mapulasitiki ambiri.

Kusiyana kwa bokosi labwino ndi lotchipa kuli pa kaboolidwe. Mayeso ake ndi awiri ndipo amatenga mphindi zochepa. Mangani ethyne, C2H2: maatomu anayi akhale pamzere wowongoka mukauyang'ana kuchokera kunsonga. Mangani cyclohexane: kaboni womaliza akumane ndi woyamba popanda kukakamiza. Chimodzi chikakanika, mabowo sanaboolidwe pa ngodya yoyenera, ndipo bokosi lotero lalephera pa ntchito imodzi yokha imene munaligulira. Yang'ananinso msoko wa kampira. Chikombole chikasiya pulasitiki m'kamwa mwa bowo, kamtengo sikafika pansi. Timitengo ta kampani ina nthawi zambiri sitikwana m'mabowo a kampani ina ngakhale tikuoneka tofanana, choncho sukulu isankhe mtundu umodzi n'kukhala nawo.

Tizidutswa tonse ndi tating'ono moti mwana wosakwana zaka zitatu angatsamwidwe nato. M'nyumba mmene muli wakhanda, bokosi likhale pamwamba.

Kabuku kamene kamabwera m'bokosi kamangotchula mitundu ndi kuonetsa mamolekyu ochepa; musayembekezere kuti kaphunzitsa. Chothandizana nalo bwino ndi mapulogalamu aulere a PhET a ku University of Colorado Boulder, makamaka yoonetsa maonekedwe a mamolekyu, imene imajambula maelekitironi osagawana aja ndi kusintha ngodya mukawawonjezera, ndi ina yomangira atomu kuchokera ku mapulotoni, manyutuloni ndi maelekitironi. Zimenezo zimatseka mipata iwiri ikuluikulu ya bokosi. Koma kompyuta siilowa m'malo mwa kupotoza pentane ndi zala.

Pogula, onjezerani paketi ya toyera ndi ya timitengo topindika ngati wogulitsa ali nazo padera. Toyera ndi tating'ono kuposa tonse, timagubuduka kutali, ndipo ndi timene molekyu iliyonse ya kaboni imafuna tambiri. Lembani chiwerengero cha mtundu uliwonse m'kati mwa chivundikiro, ndipo gulu lililonse liwerenge lisanabweze bokosi.